Ng'ombe za Nélio

Mvula inayamba Lachinayi masana, n'kugwa mpaka Lachisanu osapuma. Loweruka kunacha ndi nkhungu, dothi litafewa bwino. Linali tsiku la dima kumunda wa kapela yathu, kumtunda kwa Lifidzi. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikalowa pansi, aliyense wa mumpingo amene ali ndi ng'ombe amabwera nazo pamodzi ndi sharuwa, khasu lija lokokedwa ndi ng'ombe, ndipo timalima munda wonse tsiku limodzi. Amayi amabwera ndi thobwa. Opanda ng'ombe amabzala pambuyo pathu.

Ine ndinali ndi ng'ombe ziwiri zokalamba, zosafuna wozitsogolera. Choncho mwana wanga Nélio ndinamupereka kwa alamu anga a Custódio, achimwene a malemu mkazi wanga Luísa, kuti awagwirire chingwe kutsogolo. Anali ndi zaka khumi ndi zitatu.

Nélio ali ndi chinthu chake. Chinayamba ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mayi ake akadali moyo. Poyamba anali maso, kuphethira kosalekeza. Kenako khosi: mutu umagwedezeka wokha kupita ku phewa lamanzere, ngati wina waukoka ndi chingwe. Kenako lilime. Limalira lokha, tsa! Nthawi zina kamodzi, nthawi zina kanayi motsatizana. Akuluakulu ena ankati mwanayo akuwatsonya. Luísa ndiye ankayenda khomo ndi khomo kufotokoza. Atamwalira panalibenso wofotokoza. Ine kulankhula sindikudziwa.

Ng'ombe za kwathu kuno zimaidziwa tsa. Ndi mmene timaziuzira kuti zifulumire. Za a Custódio zinkadziwanso kuti tsa ikamveka, chikwapu chili m'njira. Izi ndinayenera kuziganizira. Sindinaziganizire.

Anthu anali ambiri m'mphepete mwa munda. Ndinamuona mwanayo atakukuta mano, khosi atalilimbitsa, akuchigwira chinthucho kuti chisatuluke pamaso pa anthu. Anachigwira mizere itatu. Pa mzere wachinayi chinaphulika, pafupi penipeni ndi makutu a ng'ombe. Tsa! Tsa! Tsa-tsa!

Ng'ombe zinadumpha. Nélio anagwera kumbali. Sharuwa inazuka m'dothi, a Custódio osaisiya, ndipo anakokedwa chafufumimba m'matope mpaka pamene panali mitsuko ya thobwa. Mitsuko iwiri inasweka. Goli linathyokera pachitsa.

Panalibe wovulala, choncho anthu anaseka. Ena anaseka mpaka kukhala pansi. A Custódio anadzuka thobwa likuchucha m'ndevu.

"Alamu!" anandikuwira. "Mwandipatsa mwana kapena mwandipatsa chikwapu choyenda ndi miyendo?"

Anthu anasekanso. Mnyamata wina, Ricardo, anali atajambula zonse patelefoni. Nditacheuka kufuna Nélio, anali atapita. Sanadzere mumsewu. Anadzera m'kanjira ka m'mabulugamu, kuseri kwa mudzi, kumene sukumana ndi munthu.

Patapita masiku anayi anabwera kuchokera kusikola, n'kukhala pakhonde osavula nsapato.

"Ababa, ndadziona."

"Kuti?"

"Patelefoni ya Ricardo. Kalasi yonse yaona. Akunditcha Tsatsa." Mutu unagwedezeka. "Bwanji simunandiuze kuti ndimaoneka chonchi?"

"Umaoneka bwanji?"

"Ngati nkhuku ya chitopa."

Ndinafunafuna mawu. Luísa akanawapeza. Ine ndinati, "Idya."

Pafupi ndi chitseko panali kalilole wa mayi ake, wopachika pamsomali. Tsiku lomwelo anamutembenuzira kukhoma. Anatenganso kashikoli yofiira ya mayi ake, nsalu ya m'khosi yovala nthawi yozizira, n'kuikulunga kukhosi mpaka kukamwa. Ankaivala ngakhale kukutentha. Sikola itatsegulidwa chaka chatsopano, sanapiteko. Pa Misa ankaima panja, kuseri kwa mtengo wa mapichesi. Kuchigayo, kumjigo, kulikonse, ankadzera m'mabulugamu. Mlendo akafika pakhomo, iye ankalowa m'khola.

Ndinamutenga pashapa, minibasi ya matola, kupita ku Ulongwe, kuchipatala. Anamwino anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumufunsa mmene amamvera akachigwira.

"Ngati kuyetsemula kumene kwakanika," anatero Nélio. "Chimadzaza. Chikatuluka ndimapuma."

Anamwino anatembenukira kwa ine. "Abambo, si khunyu. Si misala. Sichipatsirana, ndipo iye sachitira dala. Musamamuuze kuti asiye. Akamachigwira, makamaka anthu akamamuyang'ana, m'pamene chimadzatuluka mwamphamvu. Kwa ana ambiri chimachepa akamakula. Kwa ena chimakhalabe."

Ine ndinamva zonse. Nélio anamva zomalizira zokha. Tili m'shapa pobwerera anati, "Ndiye kuti ndine wotere basi." Ndinamugulira pawu, buledi uja, pa Ulongwe pomwepo, koma anafika naye kunyumba osaluma.

A Custódio anabwera tsiku lina masana. Ndi munthu waphokoso, koma mwanayo amamukonda. Anakhala pachitsa, n'kuvula chipewa.

"Alamu, ameneyu ndi mwana wa mlongo wanga. Sindingangoyang'ana. Ku Domwe kuli mneneri, amachotsa zoterezi. Masiku atatu basi."

"Ayi."

"Mwamva zimene ndanena?"

"Ndamva."

"Ndiye?"

"Ayi."

"Kapena timutumize ku Tete kwa azakhali ake, kumene sakumudziwa."

"Ayi."

Anavala chipewa. "Luísa anapirira. Zaka zonsezi kukwatiwa ndi chitsa! Ngakhale chitsa chimaphuka, alamu."

Ndinawaperekeza mpaka pamsewu.

M'khola ndinali ndi matole awiri aamuna, ana a ng'ombe a zaka ziwiri, ofula kale koma osalawapo goli. Titakolola nyemba, kuzizira kutayamba, ndinamuitana Nélio kukhola.

"Awa ndi ako. Uwaphunzitse goli."

Anandiyang'ana pamwamba pa kashikoli. "Ine?"

"Iwe."

"Adzathawa, ababa. Mwaiwala?"

"Sanamvepo tsa ya munthu wina. Adzamva yako yokha."

Anayang'ana matolewo. Kenako anafunsa, "Chikwapu chili kuti?"

"Palibe."

Kumunsi kwa munda wathu kuli dimba, m'mbali mwa kamtsinje, kobisika ndi bango. Sikudutsa anthu. Ndi kumene ankapita nazo. Sabata yoyamba zinathawadi. Lilime likangolira, zinkabalalika, imodzi uku ina uku, iye n'kumakokedwa m'minga. Anabwera manja atasupuka ndi chingwe. Anaponya chingwecho pabwalo.

"Ndinakuuzani!"

Ndinachitola, n'kuchipota pamene chinaduka. M'mawa anachipeza pakhomo pake. Tinachita zimenezi kangapo, iye kuponya, ine kutola. Sitinakambirane.

Kenako anasintha yekha. Anasiya kuzikoka. Ankapita ndi madeya ndi kamchere m'thumba, n'kukhala pakati pa ng'ombezo zikudya, akuzikanda m'khosi, mutu ukugwedezeka, lilime likulira mmene lafunira. Kumeneko sankachigwira. Panalibe womuyang'ana. Patatha mwezi, tsa ikamveka, zinkangogwedeza khutu ngati patera ntchentche. Yotuwa anaitcha Chisanu. Yofiira, yonenepa, anaitcha Batata.

Anayamba ndi goli lokha. Kenako chipika, kuchikoka kuzungulira dimba. Kenako sharuwa, pamalo ofewa m'mphepete mwa madzi. Ine ndinkakonza mpanda kumtunda. Mpanda umenewo ndinaukonza miyezi itatu, ngakhale unalibe vuto. Ndinkamuona akulankhula nazo, koma motsitsa, ndipo mawu sankandifika. Sindinamufunse. Ndinaona kuti pokhota, maganizo onse akakhala pa sharuwa, khosi limakhala bata, kenako chinthucho n'kubwereranso. Ndinaonanso kashikoli itapachikidwa panthambi. Ankaivala akamakwera kubwera kumudzi.

Tsiku lina Batata anamunyambita kumaso, lilime lonse, kuyambira pachibwano mpaka patsitsi. Ndinamva mwana wanga akuseka. Ndinakhomera mtengo umodzi kawiri.

M'chilimwe ndinatenga ng'ombe zanga zakale zija n'kukazigulitsa ku Domwe. Zinali zitakalamba, zimenezo n'zoona. Nditabwerako wopanda kanthu kuchingwe, Nélio anali pakhomo la khola.

"Nanga kudima mudzapita ndi chiyani?"

"Ng'ombe zilipo."

Anamvetsa. Masiku awiri sanandilankhule.

Mvula inachedwa chaka chimenecho, koma inabwera. Loweruka la dima kunali kamvula kowaza. Nélio anadzuka ndisanadzuke. Ndinamupeza atazimanga kale goli, atazipukuta ndi udzu, nyanga atazipaka mafuta. Anandipatsa chingwe osandiyang'ana.

"Tengani. Ine sindipita."

"Chabwino."

Ndinanyamuka nazo. Sindinacheuke.

Kumunda kunali magoli asanu ndi limodzi. A Arcanjo, mkulu wa mpingo, anagawa malo ndi ndodo yawo, goli lililonse chigawo chake. Ine anandipatsa chapakati. Ndinakoleka unyolo, n'kugwira sharuwa.

"Tsa!" ndinatero.

Chisanu anagwedeza khutu. Batata ankabzikula.

Ndinaimba mluzu. Ndinaitana maina. Ndinamenya chingwe pansi. Zinangoima, zikuyang'ana kuphiri. Magoli ena anali atanyamuka kale. Amayi obzala anayamba kugwirana m'mapewa.

"Alamu, mwabwera ndi ng'ombe kapena miyala?" A Custódio anasiyira mwana wawo sharuwa, n'kubwera akupukuta manja. "Chokani, ndikuonetseni. Tsa! Tsa, iwe! Haa!" Anakankha sharuwa mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Batata anatulutsa ndowe pafupi ndi phazi lawo.

"Zimenezi zikufuna mankhwala ake," anatero, akumasula chikwapu m'chiuno.

Ndinaima pakati. "Sizimenyedwa."

"Ndiye tiziyimbira nyimbo ya Misa?"

"Tidikira mwini wake."

"Mwini wake ali kuti?"

"Abwera."

Sindinkadziwa ngati abwera. Ndinakhala pansi pamzere wakale, n'kuyang'ana mapazi anga.

Kamvula kanaleka. Dzuwa linatuluka. Uku ndi uku dothi linasanduka lofiira, mizere ikuchuluka, ndipo chigawo chathu chinatsala chobiriwira pakati pa munda, ng'ombe ziwiri zitaima pamenepo ndi munthu mmodzi atakhala pansi. Aliyense wodutsa anali ndi mawu ake. A Arcanjo anabwera pang'onopang'ono, n'kuwerama.

"A Silvano, dzuwa likukwera. Chigawo chanuchi tipatse ena?"

"Ayi."

"Nanga tikabzala liti?"

"Lero."

Anapukusa mutu n'kuchoka. Ine ndinali nditaona kale kanthu kofiira pakati pa mabulugamu, kumapeto kwa munda. Sindinayang'aneko kawiri.

A Custódio anamaliza chigawo chawo. Anabwereranso, thukuta lili thoo, mtima utawatha. "Alamu, mukutichititsa manyazi banja lonse. Ng'ombe ndi ng'ombe." Anandilambalala, n'kukweza chikwapu pamsana pa Chisanu.

"Malume! Musamenye!"

Mawuwo anachokera m'mabulugamu. Munda wonse unacheuka.

Kuchokera pamitengo paja kufika pamene tinali ndi mtunda ndithu, ndipo palibe pobisala. Anauyenda wonse. Anthu onse ankamuyang'ana, choncho chinthucho chinabwera ndi mphamvu zake zonse. Mutu kuphewa, mutu kuphewa, maso akuphethira, lilime likulira pansi pa nsalu. Pakati panjira anaima. Ndinaganiza kuti abwerera. Anayang'ana chikwapu chili m'mwamba, n'kupitiriza.

Ana a m'mphepete anayamba. "Tsatsa! Tsa! Tsa! Tsa!" Ng'ombe za a Custódio zinadzidzimuka n'kukoka sharuwa, mwana wawo n'kugwa chagada. A Custódio anathamangira anawo ndi chikwapu chomwecho. "Chokani apa, ana opanda mwambo! Mukufuna ndisambenso thobwa?"

Chisanu ndi Batata sanasunthe. Batata anangotambasula khosi kununkhiza thumba la mwini wake.

Nélio anamasula kashikoli. Anaipinda n'kundipatsa. "Gwirani, ababa."

A Custódio anabwerera akupuma mwamphamvu. "Chabwino, mphwanga, gwira sharuwa. Chingwe ndigwire ine."

"Chingwe sichigwiridwa, malume."

Anachikulunga panyanga za Chisanu, n'kupita kumbuyo. Anagwira sharuwa, n'kuyang'ana kumapeto kwa munda, pamene panali chulu. Mutu unagwedezeka katatu. Tsa! Tsa! Ng'ombe sizinamve kanthu. Kenako analankhula motsitsa, ndipo kanali koyamba kuti ndiwamve mawu aja.

"Tiyeni, azibambo."

Zinanyamuka pamodzi, phazi limodzi. Sharuwa inalowa, dothi n'kuyamba kugudubuzika kumbali ngati mphasa ikufunyululidwa.

"Mwamva?" a Custódio anakuwa kwa anthu. "Azibambo! Ng'ombe zopempha ndi ulemu! Mawa zidzafuna mpando kutsogolo m'kapela!"

Anthu anaseka, koma maso anali pamzere. Unawongoka kuchokera pamapazi anga mpaka pachulu. Atafika kumapeto anati, "Bwererani," ndipo zinakhota zokha, popanda wozikoka, Chisanu akuponda m'mzere, Batata pamtunda. Kuno kwathu amuna akuluakulu ambiri salima opanda wogwira chingwe, ndipo ndi ng'ombe za chaka choyamba, palibe amene ndinamuonapo.

Chinthucho sichinachoke. Mzere uliwonse chinali naye. Pokhota chinkamusiya pang'ono, pakati pa mzere n'kubwerera. Mutu unkapita kuphewa, koma manja sankasuntha. Sanachigwire. Ana aja anayesanso tsa kawiri, n'kuona kuti ng'ombe sizikuwasamala, ndipo anayamba kuyenda m'mbali mwake kuonerera. Mayi wina wachikulire anasiya kubzala n'kuimba nthungululu. Ena analandira.

Ine ndinaima pomwe ndinali, kashikoli ili m'manja. Bambo wina wa ku Domwe, amene anabwera kudzacheza kwa apongozi ake, anandifunsa kuti mnyamatayo ndi wa ndani.

"Wanga," ndinatero.

Anamaliza dzuwa lisanafike pamutu. Anamasula unyolo, n'kuzipatsa ng'ombe mchere wa m'thumba. Ricardo anali pamphepete, telefoni ili m'mwamba, monga chaka chatha. Nélio anapita molunjika kwa iye. Ricardo anabisa telefoni kumbuyo.

"Ndifufuta, Nélio. Sindinafune zoipa."

"Ndione."

Anaonera limodzi. Ndinasendera pafupi. Pagalasipo mutu unkagwedezeka, ndipo wa mwini wake unkagwedezekanso. Ndinayang'ana nkhope yake.

"Bwezera," anatero.

Ricardo anabwezera. Nélio analoza ndi chala chamatope.

"Apa. Mzere wachiwiri wapindika kumapeto. Ndi Chisanu ameneyu, amakonda kumanzere." Anabweza telefoni. "Usafufute. Ndikufuna ndidzaonenso."

Dima ikatha, tili ndi mwambo wathu. Mkulu wa mpingo amatunga thobwa m'chikho, n'kupita kwa aliyense amene wagwira sharuwa, n'kumuthokoza ndi chiwongo chake, dzina la mtundu wa makolo ake. Mwana satchulidwa chiwongo. Ana amamwa pambuyo, zotsala. A Arcanjo anayenda mmodzimmodzi, mpaka anafika pamene tinaima.

"Zikomo, Nzunga."

Chiwongocho ndi changa, choncho ndinatambasula dzanja. Koma a Arcanjo sankayang'ana ine. Ndinabweza dzanja n'kuliika m'thumba.

Nélio anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu. Anapukuta manja pakabudula, n'kulandira chikho ndi manja awiri. Chikufika pakamwa, khosi linakoka, thobwa pang'ono n'kutayikira pamalaya. Anayang'ana malayawo, anapukuta ndi chala, n'kumwa mpaka pansi.

"Chaka chatha mitsuko iwiri, chaka chino dontho limodzi," anatero a Custódio. "Mwanayu akupita patsogolo."

Nélio anabweza chikho. "Chaka chatha anataya ndinu, malume. Ine ndinali nditagwa kale."

Munda wonse unaphulika. A Custódio anavula chipewa n'kumukwapula nacho paphewa, akuseka mpaka kutsokomola. "Mwamumva? Pakamwa m'pa mlongo wanga! Mwamwayi sanatengere chitsa!"

Titadya, anthu anayamba kubalalika. Sharuwa tinaisiya kwa a Arcanjo kuti ikalime kwa mayi wina wamasiye Lolemba, ndipo a Arcanjowo anafunsa Nélio, osati ine, ngati angabwere ndi ng'ombe zake. Anavomera.

Pakona ya mundawo njira zimagawikana. Kumanzere n'kanjira ka m'mabulugamu. Kumanja ndi msewu, wodutsa pachigayo, pamsika wa mbatata ndi pabwalo la sikola. Loweruka masana pamakhala anthu ambiri. Nélio anaima pamenepo, dzanja lili pamsana pa Batata. Mutu unagwedezeka kawiri. Kashikoli inali m'thumba mwanga. Sanaifunse.

"Tiyeni, azibambo," anatero, n'kulowa mumsewu.

Ndinanyamula unyolo paphewa n'kumutsatira.